Mayi Sinakwane ndi Dzira Lotsala

Dzina lawo lenileni linatsalira pa makalata a penshoni. Mumsewu wawo aliyense ankangowaitana kuti Azamba, ndipo amayi amene anachirirapo m'manja mwawo ankawatchula kumbali kuti mayi Sinakwane. Dzinalo analipata kuchipatala, m'chipinda chochirira, momwe anagwiramo ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mzimayi ankatha kubuula, kuluma pilo, kutukwana mwamuna wake ndi mtundu wake wonse, koma iwo ankangomugwira pamimba, n'kuyang'ana wotchi yolendewera pachifuwa, n'kunena mosakweza mawu kuti, "Nthawi sinakwane. Yendayendani." Chokwiyitsa n'chakuti kawirikawiri ankakhala akunena zoona.

Anali mayi wamfupi, wa manja aang'ono koma olimba, wosaseka wamba. Nkhanza analibe, anthu asawanamizire. Kungoti munthu ukanena kuti "pepani" kwa amayi mazanamazana, mawuwo amafika poperepeseka ngati sopo. Ana amoyo ankawapukuta n'kuwapereka kwa eni ake, ana obadwa ali chete ankawakulunga bwinobwino, kenaka ankasamba m'manja n'kupita pabedi lotsatira. Atsikana ophunzira unamwino akamalira kuseri kwa chitseko, iwo ankawapatsa ntchito yopinda nsalu. Amuna awo anamwalira ana akadali pasukulu, ndipo patangotha sabata Azamba anali atavala kale yunifomu. Ana aamuna awiri anakula n'kupita kutali. Pafupi panatsala mzime, mwana wamkazi yekhayo, mphunzitsi, amene anakwatiwa ndi dalaivala wa galimoto ya buledi n'kukakhala m'nyumba ya m'mwamba mbali ina ya tauni.

Atsekwe anabwera mwangozi. Tsiku lomwe Azamba ankapuma ntchito, bambo wina amene mkazi wake anachira mapasa anawabweretsera mazira awiri aakulu ngati chibakera, atawaika m'sokosi. Anati akakazinge. Azamba anawatembenuza m'manja, anawamva kulemera, ndipo m'malo mowaswera m'poto anakawalowetsa pansi pa thadzi la nkhuku la anansi awo, akalipentala, mdala wa pensulo kukhutu amene pakamwa pake sipatseka. Mazirawo anaswa onse awiri. Tsekwe wamwamuna anamutcha Dokotala, chifukwa ankafika ndi phokoso zonse zitatha kale. Wamkazi anamutcha Matroni.

Matroni ankaikira bwino, koma kufungatira kunali kwa eni ake. Ankakhalira mazira masiku asanu, lachisanu ndi chimodzi n'kudzuka, kudziongola, n'kukasamba m'bafa lakale lomwe linali kuseri kwa nyumba, osabwereranso. Mazira ankasukusa, fungo lake lothamangitsa ndi agalu omwe. Zitachitika kawiri, akalipentala anakhoma bokosi la matabwa, m'kati anamatamo zoyera zofewa zija amatchinjirizira firiji yatsopano, pamwamba anaikapo galasi lochokera pa chithunzi chakale. Munali mababu awiri, mbale ya madzi, ndi choyezera kutentha. Bokosilo linkakhala m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa makina osokera akufa ndi mulu wa mipando yopinda. Khoma la kachipindako linali la thabwa lopyapyala, ndipo kuseri kwake kunali chipinda chimene mzime anakuliramo.

Kuswetsa dzira la tsekwe si masewera. La nkhuku masabata atatu latha, koma ili limafuna mwezi wathunthu, ndipo limafuna kulisasatitsa. Azamba ankalemba dzira lililonse ndi pensulo, mbali ina X, mbali ina O, n'kumalitembenuza m'mawa, masana ndi madzulo kuti kamwana kasamatirire ku chigoba. Katatu, osati kawiri kapena kanayi, kuti lisamagonere mbali imodzimodzi masiku onse. Likatha sabata ankalitulutsa kuti lipitidweko mphepo, n'kuliwaza madzi ofunda ndi zala, monga amachitira tsekwe pobwerera pachisa chifuwa chili chonyowa. Masiku atatu omaliza bokosi silitsegulidwa. Ndipo lamulo lalikulu, lomwe iwo sanachite kuuzidwa ndi munthu, n'lakuti katsekwe kakaboola chigoba usakathandize. Kamaboola kabowo kopumira, kenaka kamagona tsiku lonse, mwina awiri, kakukokera m'thupi mwake magazi ndi chachikasu chija cha m'dzira. Wopupuluma akasenda chigoba amang'amba mitsempha, kamwanako n'kumufera m'manja.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero Azamba, akalipentala akamasuzumira pagalasi zala zikuwayabwa.

"Ine nkhono ndilibe nayo ntchito, mayi. Ndikufuna kuona ngati bokosi langa likubereka."

Chaka chimene tikunenachi anaika mazira asanu ndi atatu Lachitatu madzulo. Lachinayi m'mawa, pensulo ili m'manja, foni inalira m'thumba la epuloni. Anali mzime. Mimba yake yoyamba inali itakwana miyezi, ndipo Azamba ndi amene ankaiyeza Lamlungu lililonse ndi kachitoliro kawo kachitsulo komvera mtima wa mwana, kamene anachoka nako kuntchito.

"Amayi, zayamba. Koma ndikumva mwachilendo."

"Mwachilendo bwanji? Unayamba wazimvapo iwe?"

"Ayi. Koma mimba yauma gwa, ndiye chidzukire sakusuntha ngati masiku onse."

"Zikubwera motalikirana bwanji?"

"Kaya. Mwina mphindi makumi awiri."

"Nsupa yasweka?"

"Ayi."

"Ndiye nthawi sinakwane. Akamakonzeka kutuluka amadekha. Woyamba safulumira, ukapita pano akakubweza. Umwe tiyi wa shuga, uyendeyende. Ine ndibwera masana ndikatembenuza mazirawa."

"Chabwino, amayi."

Anapitadi masana, atatembenuza mazira, atatseka mawindo. Anakwera masitepe a nyumba ya m'mwamba ija osathamanga. Anamugoneka mzime pa sofa, anaika kachitoliro pamimba, khutu pa kachitoliro. Anasuntha n'kuikanso. Anasunthanso. Kukhala chete kumeneko ankakudziwa, anali atakumana nako kambirimbiri pa mimba za ana a eni. Anadzuka n'kunena kuti, "Tenga chikwama."

Kuchipatala dokotala wachinyamata, woti mwina anabadwira m'manja mwawo momwemo, anafotokoza kuti nsengwa, ija imadyetsa mwana m'mimba, inamatuka nthawi yake isanafike. Anati zimachitika. Anati ngakhale akanabwera m'mawa, palibe angalumbire kuti zikanasintha. Azamba ankawadziwa mawu amenewo, anali awo omwe. Ankadziwanso kuti nthawi zina amanenedwa chifukwa ndi oona, nthawi zina chifukwa cha chifundo, koma ulendo uno sanathe kusiyanitsa. Mwanayo anabadwa Lachisanu m'mawa ali chete, wamkazi, watsitsi lambiri. Anamukulunga ndi iwo omwe, agogo ake, nsalu yake yopinda bwino m'makona. Manja awo sananjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinawanyansa.

Mzime atatulutsidwa, Azamba anabwera naye kunyumba kwawo, chifukwa mkamwini ankachoka m'bandakucha kukagawa buledi, ndipo kumwamba kuja kunali kabedi ndi timasokosi zikungodikira. Anamugoneka m'chipinda chake cha kale. Mtsikanayo anayang'ana kukhoma la thabwa lija, ndipo masiku ambiri ndiko ankayang'ana.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amatero akuluakulu. Mwanayu anamva m'mimba, koma amene anamuuza kuti chitseko asatsekule anali mayi wake womubereka. Palibe anawanena Azamba. Mkamwini sanawanene, akalipentala sanawanene, mzime sanatchulepo za foni ija ngakhale kamodzi. Akanawalalatira bwenzi zili bwino, munthu umakhala ndi poyankhira. Koma nkhaniyo inangokhala m'nyumbamo ngati kabati ya pakati pa njira, aliyense akuilambalala. Azamba ankadziwa kuti mawu oyamba ayenera kuchokera kwa iwo. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la chipindacho ndi kapu ya phala, n'kutsegula pakamwa, ndipo zotuluka zinali izi:

"Magazi akuchepa?"

"Eee."

"Mabere?"

"Aphwa."

"Thupi silikutentha?"

"Ayi."

"Idya."

Akatero ankapita kukachipinda kukatembenuza mazira. X pansi, O pamwamba. Masana O pansi, X pamwamba. Sankamva chisoni, ndipo sankamva china chilichonse. Tiyi ankamwa osadziwa ngati athiramo shuga. Tsiku lina anapsa ndi ketulo padzanja, anangoliyang'ana thuzalo likutukuka, n'kulimanga bandeji mwaluso ngati la munthu wina. Pakhoma la kachipindako panali kalendala, pomwe ankachongapo masiku a mazira. Vuto lake linali lakuti tsiku loyamba la mazirawo linali Lachinayi lomwe lija, ndiye pochonga chinthu chimodzi ankakhala akuchonga ziwiri.

Tsiku lakhumi anatseka chitseko, anatchinga kawindo ndi thaulo, n'kuunika mazira ndi tochi limodzilimodzi. Dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira totambalala ngati kangaude. Atatu anali oyera mbee, opanda kanthu, Dokotala sanagwire ntchito yake. Limodzi linali ndi mzere wa magazi wozungulira, kutanthauza kuti kamwana kanayamba n'kulekeza. Anayi amenewo anakawakwirira pansi pa mtengo wa mandimu. Sabata yachinayi lina linasiya kusuntha m'kati, nalonso linapita ku mandimu. Panatsala atatu.

Akalipentala anawaona akukwirira, anayedzamira mpanda.

"Odwala anu akutha mu wodi, Azamba."

"Atsala atatu."

"Nanga wa m'chipinda uja?"

"Akumwa mankhwala."

"Sindinafunse za mankhwala ine."

Azamba anapitiriza kupondaponda dothi. Mdalayo anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezera. "Thabwa likang'aluka, mayi, umalimata likadali latsopano. Likalowa fumbi guluu sagwira." Akanapitiriza, chifukwa akayamba sasiya, koma Dokotala anatulukira kuseri kwa bafa khosi lili patsogolo, n'kuwajompha chala kudzera pampanda, ulaliki n'kuthera pomwepo.

Mkamwini ankabwera madzulo aliwonse ndi buledi wotsala, yemwe anadzaza pamwamba pa firiji popanda womudya. Anali mnyamata wamtali waulemu, wokhala m'mphepete mwa mpando ngati wabwera kudzafunsira ntchito. Lachiwiri, tsiku lomwe Azamba anatembenuza mazira komaliza n'kutseka bokosi, anatuluka m'chipinda cha mkazi wake n'kuima pakhomo la khitchini, kapu yake ya kumutu ili m'manja.

"Amayi, akuti Loweruka tizipita. Ndidzabwera cha m'ma teni ndikamaliza kugawa."

"Chabwino."

"Komanso akuti akapemphe kuti awasamutsire kusukulu ina. Kutali ndithu, kumene kuli achemwali anga. Ine ntchito yoyendetsa ndikaipeza konko."

"Wanena yekha?"

"Eee, amayi."

"Chabwino."

Anapitiriza kutsuka mbale yomwe inali yoyera kale. Sanali opusa. Anadziwa kuti mwana amene achoke Lowerukayo azidzawatumizira moni kudzera mwa mwamuna wake, azidzabwera kamodzi pachaka atavala ulemu ngati mlendo, ndipo tsiku lina akadzamvanso mwachilendo m'mimba, foni ya m'thumba la epuloni sidzalira. Anatsala ndi masiku anayi oti anene mawu ochepa chabe. Lachitatu anafunsa za magazi. Lachinayi anafunsa za mabere.

Lachinayi lomwelo masana mazira onse atatu anaboola. Pa chigoba chilichonse panatukuka kachitunda kakang'ono kong'aluka, ndipo m'bokosi munayamba kumveka kulira kwa psii, psii. Azamba anathira madzi ena m'mbale kudzera pa kapaipi kam'mbali, osatsegula galasi. Lachisanu m'mawa katsekwe koyamba kanadula chigoba mozungulira, kanakankha chivindikiro n'kugwera panja kali konyowa, konyansa, khosi lili lende. Kachiwiri kanatsatira masana. Pofika madzulo tonse tiwiri tinali titauma, tachikasu tosakanikira ndi kubiriwira, tikupondana. Anatisamutsira m'katoni yokhala ndi babu lake, utuchi pansi, udzu wodula bwinobwino, ndi kambale ka madzi komwe anaikamo timiyala, chifukwa katsekwe kopanda mayi kamamira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo.

Dzira lachitatu silinasinthe. Kabowo kanali komwe kaja ka Lachinayi, ndipo mlomo wotuwa unkaonekera pamenepo, ukutseguka n'kutsekeka. Lachinayi katsekwe ka m'katimo kanalira mwamphamvu kuposa tinzake. Lachisanu kanaliranso, koma motalikirana. Azamba anagunditsa kachitoliro kawo pagalasi mwachizolowezi, ngati kuti pamenepo angamvepo kanthu.

Loweruka linacha bwino, lopanda mtambo. Sutikesi ya mzime inali kale mukolido. Azamba anasesa, anatsegulira Dokotala ndi Matroni, anaika phala pakhomo la chipinda, n'kulowa m'kachipinda kaja. Mlomo unali pomwepo. Unatseguka pang'onopang'ono, mawu osatuluka.

Zonse ankazidziwa. Ankadziwa kuti kusenda msanga n'kupha. Ankadziwanso kuti nthawi zina nembanemba ya m'kati imauma n'kukamatira kamwanako, kosatha kutembenuka, mpaka kutopa n'kufera pa kabowo kake komwe. Anakonza zida pa makina osokera aja, zonse mu mzere: thonje, kapu ya madzi ofunda, kachopanira, tochi. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono. Atabwerera anaima patsogolo pa bokosi manja ali m'mwamba monga ankachitira kuntchito, ndipo anangoima. Manja amene anatulutsa ana odzaza masukulu angapo anakana kutsika. Mutu unkati dikira, mutu womwewo unkati fulumira, ndipo mutuwo sankaukhulupiriranso. Madzi a m'kapu anazizira. Anakatenga ena, n'kuimanso pomwepo.

Chitseko chinalira kumbuyo kwawo. Anali mzime, atavala kale diresi la ulendo, nsapato zili m'manja. Mwezi wonse anali asanapondemo m'kachipindako. Nkhope inali itamuthera, maso okha ndiwo anakula.

"Kasiya kulira," anatero.

"Kakupumula."

"Masiku awiri onsewa ndimakamva pakhomapa. Lero kasiya."

Anayandikira, anawerama pagalasi. Anakhala akuyang'ana mlomowo kwa kanthawi, kenaka anayang'ana thonje, kachopanira, ndi manja a mayi ake ali m'mwamba.

"Mukudikira chiyani?"

Yankho linabwera lokha palilime, losalala chifukwa chogwiritsidwa ntchito zaka zonsezo. "Nthawi si..." Anaima pomwepo. Mtsikanayo sanawathandize, anangowayang'ana. M'katoni tiatsekwe tiwiri tija tinkalimbirana udzu.

"Sindikudziwa," anatero Azamba.

"Inuyo simukudziwa?"

"Ndikafulumira kafa. Ndikachedwa kafa. Ndili kunja kwa galasi kuno sindingadziwe."

"Nanga mungadziwe bwanji?"

"Pokhapokha nditaona m'kati."

"Ndiye tsegulani muone."

Anaika nsapato pansi n'kutenga tochi. Azamba anatukula galasi. Mpweya wofunda wonunkha nthenga unawawomba kumaso. Ananyamula dziralo, analiika pa thaulo, n'kuyamba kubenthula chigoba kumutu kwake kwakukulu, kumene kumakhala mphako ya mpweya, kachidutswa kamodzi kamodzi kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda. Pansi pake panaoneka nembanemba yoyera, youma ngati pepala.

"Unika apa. Tsitsa pang'ono."

Ananyowetsa thonje n'kuigusa nembanembayo mpaka inayamba kuonekera m'kati. Onse awiri anawerama, mitu kutsala pang'ono kugundana. Mitsempha inalipo, koma yopyapyala, yofiirira ngati ulusi wakale, yopanda magazi.

"Kanakonzeka kale," anatero Azamba. "Kanangomatirira. Taona phikoli."

"Kanakonzeka liti?"

"Mwina dzulo."

Anapitiriza kunyowetsa ndi kusenda, maso ali padzira. Mwina chifukwa manja anali ndi ntchito, mwina chifukwa sankafunika kumuyang'ana mwanayo kumaso, mawu aja anatuluka okha, opanda zokometsera, m'liwu lomwe lija lofunsira za magazi.

"Tsiku lija ndikanabwera m'mawa."

Kuwala kwa tochi kunachoka padzira. Azamba anadikira mpaka kunabwerera.

"Adokotala aja anati..."

"Ananena zimene ine ndinkauza anthu. Ngati akanakhala moyo sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Koma ndikanabwera kudzakuona. Ndinakuyeza pafoni. Ndinatsalira mazira."

"Ndikudziwa. Munandiuza nokha."

Kachidutswa kena ka chigoba kanagwera pa thaulo. Phiko linamasuka n'kugwa lende.

"Za mphindi zija ine sindinkazifuna, amayi," anatero mzime, mawu ali pansipansi. "Anamwino kuchipatala analiko ambirimbiri. Ndinaimbira inu chifukwa ndinkaopa."

Azamba anayembekeza kuti misozi ibwera, poti pamalo ngati amenewa anthu amalira. Sinabwere. Chimene chinabwera chinali kulasa kwa m'chifuwa, konga kwa mwendo umene unachita dzanzi ukayamba kumvanso. Sikunali kokoma.

"Pepa, mwana wanga," anatero. Mawuwo anali omwe aja operepeseka, koma analibe ena.

Mzime sanayankhe kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Anangoti, "Malizani, kazizidwa."

Anasenda chotsala. Mutu unatuluka pansi pa phiko pomwe unapindikira, khosi linaongoka, ndipo katsekwe konse kanatsetserekera m'dzanja la Azamba. Anakatembenuza n'kuyang'ana pamchombo. Panali potseka bwino, popanda magazi. Koma kanali kofooka, miyendo ili tambalale, mutu ukugwera uku ndi uku, ndipo m'dzanjamo kankazizira msanga. Bokosi linali litataya kutentha kwake chifukwa chokhala chotsegula nthawi yonseyi.

"Litenga nthawi kuti lifundenso," anatero Azamba, akuyang'ana choyezera.

Mzime anazimitsa tochi. Anamasula mabatani awiri a diresi la ulendo lija, anatenga katsekweko m'dzanja la mayi ake, konyowa choncho, n'kukalowetsa pachifuwa, khungu kukhungu, monga Azamba ankaphunzitsira amayi a ana obadwa masiku asanakwane. Anakhala pansi pa ndowa yovundikira, dzanja limodzi lili pamwamba pa kachotupako. Diresi linayamba kunyowa pamenepo. Patapita nthawi mlomo wotuwa unatulukira pakati pa mabatani, diso limodzi lakuda linatseguka, linayang'ana chibwano cha mtsikanayo n'kutsekekanso.

"Kakhala moyo?"

"Sindikudziwa. Tikaona madzulo."

Atanena anazindikira kuti madzulo ndi kutali ndi teni koloko. Mzime sanakonze mawuwo. Anakhala choncho onse awiri, wina pa ndowa, wina chiimire, akumvetsera ngati m'diresimo mumveke kanthu.

Kunja kunalira hutala, kawiri, mwaulemu.

"Abwera," anatero Azamba.

"Ndamva."

"Ndikawauze chiyani?"

Mtsikanayo sanadzuke. Anali atawerama, akuuzira mpweya wofunda m'kati mwa diresi.

Azamba anapukuta manja pa epuloni. Analambalala sutikesi mukolido, anatsika masitepe awiri a pakhonde. Dokotala anatulukira kuseri kwa nyumba ndi phokoso lake, zonse zitatha kale monga mwa masiku onse, Matroni akumutsatira. Pageti galimoto ya buledi inali ikulirabe, mkamwini atatulutsa mutu pawindo.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Akonzeka?"

Mawu awiri aja anali kale palilime, okonzeka, ndipo mwina ulendo uno akanakhala oona. Anawameza. Anachotsa loko, anakankha geti mbali zonse ziwiri.

"Zimitsani galimoto, bambo," anatero. "Lowani mudzamuone nokha."